Ulendo wa ku Nampuru

Eliot anali munthu wa nzeru zake, zimenezo tisamulande. Ku Makata, kumalo osungira katundu komwe ankagwira ntchito, kompyuta ikangovuta aliyense ankakuwa dzina lake. Koma nzeru nazo zili ndi tsiku lake loledzera, ndipo za Eliot zinaledzera masana ena pamene mnzake wa kuntchito, Stewart, anamuonetsa kanema pa foni.

Kanemayo anali wa gemu ya pakompyuta imene anyamata ena a kunja ankati akupanga. Munali zombo zouluka pakati pa nyenyezi, maiko a mapiri ofiirira, mitambo yobiriwira, zinthu zoti munthu n'kuiwala kutafuna chipisi chili m'kamwa. Gemuyo inali isanathe. Eni ake ankapempha anthu a dziko lonse kuti asonkhe, monga timachitira pomanga tchalitchi, ndipo wosonkha mowolowa manja ankaloledwa kutcha dzina dziko limodzi la m'mwambamo.

"Aise, chaka chamawa ikhala itatuluka," anatero Stewart. "Ukachedwa upeza maiko abwino onse atatha."

Eliot anasonkha, ndipo dziko lake analitcha Nampuru.

Nampuru ndi kamudzi ka m'tsinde mwa phiri la Tumbine, kutsidya kwa malire a Muloza, kumene bambo ake, a Arthur, anabadwira. Anachokako ndi liwiro nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndevu zikungoyamba kumera, ndipo sanapondekonso. Poyamba anali mantha, kenako kulera ana, ndipo moyo wonse unathera pakhonde la sitolo ina ku Limbe akupalasa makina osokera. Tsopano ankakhala kwa Eliot ku Kanjedza. Matenda a shuga anali atayamba kuwadya maso, ndipo dokotala sanawabisire kuti chifunga chimenechi sichibwerera m'mbuyo. Kuyambira pamenepo mkuluyo anatsala ndi pempho limodzi.

"Iwe Eliot, undiperekeze kwathu ndikaone phiri lija maso asanatseke. Sindikufuna zokagonako ayi. Kungoliona basi, n'kubwerera."

"Tipita, bambo. Mwezi wa mawa."

Sankanama dala. Bambo ake ankawakonda, ndipo m'mutu mwake munali dongosolo lokoma kwambiri. Choyamba awakhazike pa laputopu, awakweze chombo, akatere pa dziko lotchedwa Nampuru, aone dzina la kwawo litalembedwa pakati pa nyenyezi. Akatero ndiye akwere minibasi. Mphatso ziwiri motsatizana! Ndi mwana uti mu Kanjedza yense amene anawachitirapo bambo ake zotere?

Chaka chinatha, china n'kulowa. Chimene eni gemu anatumiza chinali chipinda chimodzi ndi chombo chimodzi, ati poyambira chabe. Chitseko cha chombocho chinkatseguka chikafuna. Kamunthu koimira Eliot m'gemumo kakati kakhale pampando, kankalowa pansi mpaka m'khosi, mutu wokha n'kutsala ukuyang'ana uku ndi uku. Akakwanitsa kuuluka, chombo chinkazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, laputopu n'kutentha mpaka kuzima. Za maiko aja, zii.

Ndipo anyamatawo anali akathyali pakamwa. Mwezi ndi mwezi ankatulutsa kanema, ndevu zopesa bwino, akumwetulira, akuonetsa chombo china chatsopano chogulitsa, n'kumaliza ndi mawu akuti maiko akubwera mwezi wa mawa. Ankapemphanso osonkha kuti azisewera ndi kuwauza pamene pakulakwika. Eliot anasanduka waganyu wodabwitsa, wolipira yekha kuti agwire ntchito ya eni. Tsiku lake lopuma linali Loweruka lokha, ndipo Loweruka lililonse kunkakhala china choti ayese, bandulo ya intaneti ikupsa ngati udzu wa mu Okutobala.

Mkazi wake, Patricia, ndi amene ankalowetsera apongozi ake ulusi m'singano, chifukwa mkuluyo ankasokabe tizigamba pakhonde kuti manja asaume. Loweruka lina mayiyo anaima pakhomo la kuchipinda, manja m'chiuno.

"Bambo a Esther, lero apongozi adzibaya chala kawiri. Minibasi za ku Muloza zimadzaza tsiku lililonse pa Limbe pompa. Sizifuna chombo."

"Zatsala pang'ono, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo idzatulutsa maso a bambo anu atatseka."

Eliot anaseka, ati mkazi wake ali ndi pakamwa. Ngakhale Stewart, mwini kubweretsa nkhaniyi, anali atazitaya kalekale. "Amwene, tinadyedwa basi, tingovomereza," ankatero. "Chikomekome cha mkuyu." Koma kwa Eliot kuvomereza kunali kowawa kuposa kudikira. Akanati chiyani kwa bambo ake, atawauza kale kuti dzina la kwawo lili kumwamba?

Chimene chimapsetsa mtima pa nkhani yonseyi n'chakuti Eliot ankawatukwana anyamata a gemuwo tsiku ndi tsiku chifukwa cha mwezi wa mawa wawo wosafika, osamva kuti mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwake pakhonde la nyumba yake. A Arthur anafunsa nthawi ya Khirisimasi, anafunsanso mvula itatha. Kenako analeka kufunsa. Makina osokera anafunditsidwa chitenje. Eliot anaona zonsezi akudutsa, m'mawa pothamangira kuntchito, madzulo pothamangira laputopu, ndipo kukhala chete kwa mkuluyo anakutenga ngati kuleza mtima.

M'chaka chachinayi uthenga unafika woti maiko atsegulidwa. Linali Loweruka m'mawa. Eliot anaulutsa chombo yekha kaye, mpaka anaipeza Nampuru yake. Inali chibulumwa chotuwa ngati phulusa, chopanda mtengo, chopanda mtsinje, chofanana ndi zibulumwa zina zonse zimene anadutsa m'njira. Dzina lokha ndilo linalipo, timalemba toyera m'munsi mwake. Zinamuwawa, koma anadzilimbitsa mtima kuti dzinalo ndiye nkhani. Anathamangira pakhonde, n'kuwagwira dzanja bambo ake, kuwakhazika pampando wake.

"Taonani, bambo! Kwanu uko!"

A Arthur anaweramira kutsogolo. Anatambasula dzanja, napapasa tebulo, napapasa mabatani, mpaka zala zinakhudza galasi lofunda la laputopuyo.

"Wayatsa kale?" anafunsa.

Pagalasipo chombo chinali chitafika pansi, ndipo mwa chizolowezi chake chinaboola nthaka n'kumira mumdima, koma Eliot sanachiyang'anenso. Anayang'ana maso a bambo ake, otseguka bwinobwino, olunjika pakhoma.

"Saonanso chiyambire Isitala," anatero Patricia chapansipansi ali pakhomo. "Amayenda ndi khoma. Anandiletsa kukuuzani, ati mwanayo ali pa ntchito yaikulu, tisamusokoneze."

Manyazi amene anamugwira Eliot sanawamvepo chibadwire. Anatseka laputopuyo osaizimitsa n'komwe, nakatenga jekete la bambo ake ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, akulu anatero, koma mwambi umakoma ukamanena za wina.

Pa Limbe sanadikire n'komwe, minibasi inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Anadutsa minda ya tiyi ya ku Thyolo, nadutsa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mkuluyo atakhala mowongoka, chipewa chili pamaondo, akufunsa dzina la malo alionse pamene galimoto yaima. Pa malire anawalembera chiphaso cha tsiku limodzi popanda vuto. Kutsidya anakwera njinga zamoto za kabaza, ndipo dzuwa lisanapendeke anatsika pa kanjira kofiira pakati pa minda ya chinangwa. Mayi wina wosenza nkhuni anawatsimikizira kuti Nampuru ndi pomwepo.

A Arthur anavula nsapato, naponda dothi ndi mapazi, nakoka mpweya wautali. Kenako anaimirira mowongoka, nakweza nkhope, akumwetulira. Anali atayang'ana kumene anachokera, phiri lili kumbuyo kwawo.

Eliot anawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'onopang'ono.

"Lili uku, bambo."

"Eya. Chakumanzere, pamwamba pa mitengo, pali thanthwe long'ambika pakati. Tinkabisalamo mvula tikamadyetsa mbuzi. Lilipo?"

Eliot anafufuza ndi maso mpaka analipeza, lakuda, mng'alu wake ukuoneka bwinobwino padzuwa. Chaka chatha chomwechi mkuluyo akanaliona yekha.

"Lilipo, bambo."

"Ndiye tafikadi." Zala zawo za kumapazi zinkakanda dothi. Atayankhulanso, m'mawu mwawo munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono, munali kudabwa chabe. "Kani m'pafupi chonchi? Mmene unkavutikira kupeza tsiku, ine ndimayesa kunatalikira."

Eliot anayang'ana phirilo mpaka misozi inalibisa, ndipo bambo ake sanaione.