Jeneza la Boeta Sedick

Boeta Sedick anamwalira m'mawa wa Lachiwiri, ndipo mwa Chisilamu anayenera kuikidwa dzuwa lisanalowe. Toyer Jappie, mnzake wa paubwana, anali atamulonjeza chinthu chimodzi: kuchoka pakhomo kukafika ku mzikiti adzayenda pa mapewa a anthu, osati pa galimoto ngati katundu.

Kale zoterezi sizinkafuna lonjezo. M'dera lawo la Woodstock masiku amenewo, wonunkha nsomba ndi ngalande, uthenga wa maliro unkadumpha mipanda, ola lisanathe msewu wadzaza. Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, likamadutsa, mwamuna aliyense ankangofika pambali pako, iwe n'kumusiyira malo. Palibe ankanyamula kupitirira nyumba ziwiri. Ngakhale Kallie wamipeni uja, Mkhristu wosadziwa khomo la tchalitchi, ankataya ndudu n'kudzapereka phewa.

Koma anthu aja lendi inawalavulira kutali, ku Delft ndi ku Mitchells Plain. Toyer anaimba mafoni mpaka khutu kutentha, yankho limodzimodzi: "Tili pa minibasi, Boeta Toyer, tikubwera." Nthawi itakwana, pakhomo panali nkhalamba zinayi basi.

"Tingoitana galimoto, Toyer," anatero Armien, msuweni wa malemu. "Iwe bondo ndi lachitsulo, ine mtima ukuyendera batire. Ukufuna maliro akhale atatu?"

"Iwe Armien, zaka makumi atatu wakhala ukudya makusista, mandasi otsekemera aja, kunyumba kwake Lamulungu lililonse. Lero akukulemera? Gwira uko!"

Ananyamula.

Msewu unali womwe uja koma utadzola ngati hule wa kumapeto kwa mwezi. Nyumba ya Anti Galiema, mmene munabadwira theka la ana a muno, tsopano ikugulitsa mabisiketi a agalu. Agalu! Pa butchala ya Salie pali malo omwera khofi, kapu imodzi mtengo wa nkhuku. Panja pake panali anthu a makabudula, maso pa makompyuta. Palibe anaimirira, palibe anavula chipewa, nyimbo osaitsitsa n'komwe. Toyer anawatukwana mumtima. Bola fungo la ngalande lija, linali loona mtima.

Pa chitunda phewa la Toyer linayamba kuyaka moto. Kumbuyo ankamva Armien akupuma ngati pampu yotha. Mzikiti unkaoneka, koma patali.

"Limba, Sedick, tafika," ananong'ona, ngati wofunika kulimba anali malemuyo.

Apo mnyamata wina wa ndevu zopesa bwino anadzuka pampando pa khofi paja. Anabwera mofulumira, molunjika mbali ya Toyer, mpaka kufika pafupi penipeni. Mtima wa Toyer unasungunuka. Kani anthu alipobe! Anachita manyazi ndi zonse zimene amatukwana mumtima. Ndipo anachita zomwe thupi lake linazolowera kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu: osacheuka, osafunsa, anatsitsa phewa n'kupatuka.

Panalibe wolandira.

Jeneza linapendeka, ngodya yake n'kumenya phula kuti khu! Armien anagwa chogwada. Nsalu yobiriwira yophimba jenezalo inatsetsereka, ndipo Sedick, m'nsalu zake zoyera, anasendera kutsogolo mpaka mutu kugunda thabwa.

Mnyamata uja anali atanjuta pansi, foni m'mwamba, akujambula.

Toyer anagwada pa phula lotenthalo n'kumubweza mnzake pamalo. Zaka zonse za umphawi wa msewu uno, zaka za apolisi ndi zigawenga, maliro sanagwepo pansi. Agwa lero, ndipo wawagwetsa ndi iye.

"Pepani kwambiri, madala, sindimafuna kukusokonezani," anatero mnyamatayo mwaulemu, foni ikadali m'manja. "Zokongola zedi zimenezi. Kodi mumachita tsiku lanji ndi lanji? Ndikufuna ndidzabwere ndi alendo anga."