Zala ziwiri ndi chivundikiro cha piyano

Mayi anga atamwalira, ine ndi mchimwene wanga Ulan tinagawana katundu wa m'nyumba mwawo. Iye anatenga makapeti ndi firiji. Piyano palibe ankaifuna. Inali itakhala pakona m'chipinda chochezera kwa zaka makumi anayi osaimbidwa, pamwamba pake pali zithunzi za abale omwalira, ndipo kuti itsike kuchokera pansanjika yachinayi pankafunika amuna asanu ndi mmodzi.

"Ingoisiya, ogula nyumba akaone okha chochita," anatero Ulan. "Si iwe unkalira ukangoiona?"

Koma ndinaitenga. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndikugwira ntchito mu famase kuno ku Bishkek, ana atakula n'kuchoka, amuna anga akukhala miyezi yambiri kumapiri komwe amakonza misewu. Ndinkadziuza kuti ndikufuna chochita madzulo ndikaweruka.

Ndinaitana a Sabyr, bambo wachikulire amene amachuna mapiyano. Akutsegula mpando woimbirapo anapezamo buku langa lakale la nyimbo, masamba ake odzaza ndi zolemba za pensulo yofiira.

"Aa! Malembedwe awa ndikuwadziwa. Ndi a Inessa Lvovna awa. Munkaphunzira kwa iwo?"

"Pang'ono chabe. Kalekale."

"Alipotu, chemwali. Zaka makumi asanu ndi atatu zinakwana kale, koma akuphunzitsabe kunyumba kwawo, kuseri kwa msika wa Osh. Anawachotsa pasukulu ya nyimbo kalekale, ati anathyola mwana zala ndi chivundikiro. Ine sindinakhulupirire, koma ndani akanafunsa wochuna zingwe?"

Ankalankhula mutu uli m'kati mwa piyano, choncho nkhope yanga sanaione.

Mwana ameneyo ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku lina nditatuluka m'kalasi ya a Inessa Lvovna sindinapite kunyumba. Ndinatsatira anzanga kumalo kumene ankamanga nyumba zatsopano, kumene bambo anga anandiletsa kangapo konse. Tinkayenda pamulu wa mipope yachitsulo, mpope umodzi n'kugubuduka, n'kundipana dzanja lamanja. Zala ziwiri zinathyoka. Bambo anga anali munthu wa lamba. Atandifunsa kuchipatala chomwe chachitika, mawu anangotuluka okha: aphunzitsi andimenyetsa chivundikiro cha piyano chifukwa ndinalakwitsa.

Aliyense anakhulupirira, chifukwa a Inessa Lvovna anali aukali ndithu. Ankakalipa, ankagogoda pamkono ndi pensulo. Bambo anavala jekete lawo la mamendulo n'kupita kwa mkulu wa sukulu. Ine sanandiitane kukafotokoza, ati mwana wavutika kale. Mayi anandiphikira zitumbuwa sabata yathunthu, ndipo piyano sanandikakamizenso. Zomwe zinawachitikira aphunzitsi sindinafunse. Ndinkadziwa kuti ndikafunsa andiuza.

A Sabyr anandilembera nambala. Pepalalo linakhala pafiriji masabata atatu. Kenako ndinaimba, ndikuganiza kuti ndipepesa pafoni pomwepo. Atayankha, mawu awo anali omwe aja, okhakhala, othamanga.

"Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kuphunzira piyano," ndinatero.

"Mwana ali ndi zaka zingati?"

"Ndine ndemwe. Makumi asanu ndi chimodzi."

"Mwachedwa ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Bwerani Lachiwiri, hafu pasiti folo. Muwenge zikhadabo."

Ndinawauza dzina la kwa amuna anga. Dzina langa loyamba ndi Cholpon, koma a Cholpon mumzinda muno ndi ambiri, ndipo maso awo anali atafooka moti manotsi a nyimbo ankawerenga ndi galasi lokuzira. Lachiwiri nditafika, sanandizindikire. Anali atachepa thupi kwambiri, tsitsi lonse mbuu, atavala majuzi awiri. M'chipinda munali piyano, bedi, tebulo ndi mphaka.

"Munaimbapo?"

"Ndili mwana."

"Amene anakuphunzitsani anakuikani dzanja bwino. Zina zonse munaziwononga nokha. Yambani."

Ndinayambira pansi penipeni, ngati kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Dzanja lamanja linkakumbukira pang'ono, lamanzere linali ngati lobwereka. Iwo ankawerenga mokweza, akumenya bondo lawo.

"Wani, thu, fili! Cholpon, mukuthamangira kuti? Basi ikukusiyani? Dzanja ili likupita ku Osh, ili likupita ku Talas, mukakumana liti?"

Ndinkaseka, kenako n'kukumbukira zomwe ndinawachita.

Ulendo wachitatu anandigwira dzanja kuti aliwongole. Anapapasa chala chachinayi ndi chaching'ono, zomwe zinapola zitapindika.

"Izi zinatani?"

Mpata unali umenewo. Ndinayang'ana makiyi oyera aja.

"Ngozi. Ndili wamng'ono."

"Pepani. Tiona zala zina zogwiritsa." Anatenga pensulo n'kuyamba kusintha manambala a zala m'buku, mzere ndi mzere, galasi lili pafupi ndi diso, kuti zala zanga zopindikazo zisamavutike. Anatha theka la ola akuchita zimenezo. Tsikulo nditatuluka ndinakhala pabenchi ya kunja kwa nyumba yawo mpaka miyendo inachita dzanzi ndi kuzizira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kunyamula zinthu. Mankhwala a m'maso, maapozi, uchi wa ku Toktogul, masokosi aubweya. Ndinkafika msanga n'kutsuka makapu. Ndinawaitanira munthu wokonza mpope wa kubafa. Miyezi iwiri inatha chomwecho, chipale chofewa chitayamba kugwa. Kunyumba ndinkayeserera ola lililonse limene ndapeza, mpaka aneba apansi anayamba kugogoda papaipi yotenthetsera nyumba.

Lachiwiri lina ndikupukuta tebulo lawo, anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Cholpon, khalani pansi. Ine ndaphunzitsa anthu zaka makumi asanu ndi limodzi. Wophunzira akabwera ndi maluwa ndiye kuti sanayeserere. Inu mumayeserera, komanso mumabwera ndi msika wonse. Mukufuna nyumba yangayi ndikafa? Ndinailembera kale mwana wanga."

"Ayi, Inessa Lvovna."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinawauza dzina la bambo anga. Ndinawauza chaka, mipope yachitsulo ija, lamba, chipatala. Sizinatenge nthawi. Bodza limene ndinasenza zaka makumi anayi linatha kufotokozeka madzi a m'ketulo asanawire.

Anadzuka n'kuzimitsa ketulo, n'kuima pawindo atandifulatira.

"Kamtsikana ka maliboni obiriwira," anatero kenako. "Unkabwera Lachitatu ndi Loweruka. Unali ndi khutu labwino ndi ulesi wambiri."

Kwa miyezi yonseyi ankanditchula kuti inu. Tsopano ndinali iwe.

"Ndinkaganiza kuti akulu akulu ndiwo anakuuza zonena. Panali munthu amene ankafuna malo anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikudana ndi munthu wolakwika, ndipo anafa ndisanamupatse moni. Kodi ukudziwa kumene ndinapita? Kusukulu ya mkaka. Zaka khumi ndi zinayi ndikuimbira tiana kuti tizidumpha ngati achule."

"Ndikhululukireni."

"Usafulumire. Umafulumira chilichonse." Anatembenuka. "Ntchito ndinaiwala kale. Koma Vika, mwana wanga, anali ndi zaka khumi ndi zinayi nthawi imeneyo. Kusukulu ankamunena kuti mayi ako amathyola ana. Ndinamuuza kuti si zoona, iye anati chabwino, amayi. Koma atabereka ana ake, sanalole ngakhale kamodzi kuti ndikhale nawo papiyano. Ankati atopa, ankati alibe chidwi. Mdzukulu wanga wamkulu anakaphunzira kwa munthu wina, wachabechabe, amene anamusiya zigongono zili m'mwamba ngati nkhuku."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku ka manambala.

"Vika ali ku Novosibirsk. Uchi wako sindiufuna. Muimbire umuuze zimene wandiuzazi. Pano, ine ndikumva."

Ndinalakwitsa nambala kawiri. Anayankha mayi wa mawu otopa, kumbuyo kwake kukumveka wailesi. Ndinadzitchula, n'kufotokoza zonse kachiwiri. Ulendo uno zinali zovuta kuposa poyamba, chifukwa iye ankandidula.

"Dikirani. Ndiye kuti sanakukhudzeni n'komwe?"

"Ankagogoda ndi pensulo, monga ankachitira aliyense. Chivundikiro ayi."

"Ndipo mwakhala chete mpaka lero."

"Eya."

Ndinamva akuzimitsa wailesi ija.

"Ndiye ine nditani nazo zimenezi panopa? Ana anga ndi akuluakulu. Mukufuna ndikuthokozeni?"

"Ayi."

"Amayi ali pomwepo?"

Ndinawapatsa foni. A Inessa Lvovna anandilozera chitseko ndi chibwano. Ndinavala chikhoti n'kutuluka, buku langa la nyimbo n'kuliiwala papiyano.

Lachiwiri lotsatira sindinapite, ndipo iwo sanaimbe. Linzake chimodzimodzi. Ndinamuuza Ulan nkhani yonse. Iye anangoti, "Bola bambo anapita asanamve," n'kuyamba kukamba za matayala a galimoto yake. Ndinamuuzanso mwana wanga wamkazi, amene anandifunsa ngati agogo ake anamwalira akukhulupirirabe. Ndinati eya. Piyano sindinaitsegule masiku onsewo.

Sabata yachitatu, ndili kuntchito ndikukulunga mankhwala a munthu, foni inalira.

"Cholpon? Buku lako likundidzazira malo. Ubwera kudzalitenga kapena ubwera kudzaphunzira?"

"Mukadandilola..."

"Sindinanene kuti ndakukhululukira. Mwina ndidzatero, mwina ndifa ndisanafikepo. Koma nyimbo ija unaisiyira pakati, ndipo ine sindigona bwino wophunzira akasiyira pakati."

"Vika ali bwanji?"

"Akuti abwera mwezi wa Meyi. Analira, kenako anandikalipira kuti bwanji sindinalimbikire kumuuza. Ndiye waona, wolakwa ndine ndemwe." Anatsokomola. "Lachiwiri, hafu pasiti folo. Ubwere chimanjamanja."

Ndinapita. Sanandipatse tiyi. Anakhala pampando wawo, mphaka ali pamiyendo, n'kundiuza kuti ndiyambire mzere wachitatu, dzanja lamanzere lokha. Ndinalakwitsa pamalo pomwe ndinkalakwitsa kale. Anandibwerezetsa kasanu ndi kawiri, ndipo kachisanu ndi chitatu anati ndipitirize.