Khoma la Ndodo

"Apa ndiye pothera," anatero dalaivala akuzimitsa injini. "Kwatsalaku n'kwa miyendo. Ambuye sakonda fungo la dizilo."

Anthu anaseka, koma pang'ono. Mtambo wakuda unali utakhala pamwamba pa phiri, ndipo tchalitchi chimene tinadzera chinkangooneka denga lokha. Ndinatsika basi ndi ndodo ya malemu mkazi wanga m'manja. Sindinkaitsamira ayi, ndinkangoinyamula ngati ambulera yopinda.

Ndodoyo inali ndi lonjezo. Mwendo wakumanzere utayamba kumukanika, mkazi wanga ananena kuti akadzachira adzakwera phirili n'kukaipachika pakhoma la m'tchalitchimo, pamene ochira amasiya ndodo zawo. Sanachire. Matendawo anakwera pang'onopang'ono kuchokera kumwendo mpaka pachifuwa. Mlamu wanga, mkulu wake wa malemuyo, ndiye anandiumiriza kuti ndikakwaniritse lonjezolo ine.

"Alamu, fulumirani!" anakuwa ali patsogolo. "Zaka zonse zija mukuphunzitsa ana mapiri a m'mabuku, lenilenili lakukanikani?"

Si phiri limene linkandichedwetsa. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ankabwera m'mbuyo mwanga, iye amene chiyambire ubwana wake sankalola munthu kumupitirira. M'njiramo munali mitanda yamiyala, ndipo pa mtanda uliwonse gulu linkagwada. Iye ankadzuka pomalizira, atagwira mwala. Tikayambanso kuyenda ndinkamva nsapato imodzi ikuponda, inayo ikukhwekhwereza. Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Ndinalimvapo mkazi wanga akudwala, pasimenti ya m'nyumba mwathu, pakati pa chipinda chogona ndi bafa.

"Watopa?" ndinafunsa osacheuka.

"Ndi nsapatozi, bambo. Zikundiluma."

Nsapatozo zinali zakalekale.

Tchalitchicho chinali chaching'ono, chozizira, chonunkha makandulo ndi chinyezi. Khoma lonse lakumanja linali ndodo zokhazokha: zamtengo, zachitsulo, zam'khwapa, zina za ana, zazifupi mpaka munthu kuyang'ana kumbali. Mphepo ikalowa pakhomo zinkagundana pang'ono, ngati mano a munthu wozizidwa. Anthu amene anakwera akuimba analowa ali duu.

Pansi pa khomalo panaima asisitere okalamba, hamala m'manja, misomali m'thumba la epuloni. Aliyense wobwera ndi ndodo ankamufunsa funso limodzi.

"Wachira ndani, bambo?"

"Mwini wake anatisiya," ndinayankha.

"Anachira kumwamba, asisitere," analowererapo mlamu. "Khomani basi. Alamu angawa akayamba kufotokoza, mvula itipeza pano."

Asisiterewo analandira ndodoyo n'kuitembenuza. Anayang'ana labala yakunsi, yoperepeseka mbali imodzi. Kenako maso awo anandidutsa n'kukaima pakhomo, ndipo anakhala kumeneko nthawi yaitali.

"Msomali ndili nawo," anatero. "Koma chimene ndakhoma pano sichitsikanso. Anthu amabwerera kudzapempha, ena akulira, ine n'kumakana. Ndiye ndimayamba ndafunsa." Anandibwezera ndodoyo. "Njolimba iyi. Ndipo phirili limavuta potsika, makamaka likanyowa."

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa mlamu. "Tavutikira chabe?"

Kunja kunagunda bingu, chapatali. Ndinacheuka. Mwana wanga anali atatsamira mphuthu ya chitseko, thupi lonse lili pa mwendo wakumanja. Nsapato yakumanzere inali yokalika kumphuno, yoyera ndi fumbi. Inayo inali bwinobwino. Ndinapita pamene anaimapo.

"Zayamba liti?"

"Pachikani, bambo. Amayi analonjeza."

"Waonana ndi adokotala?"

"Ndimagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku." Anayesa kumwetulira. "Pachikani, chonde. Mukapanda kupachika ndiye kuti n'zoona, nanenso ndayamba."

Ndinayang'ana khoma lija. Panali malo, pakati pa ndodo yansungwi ndi ina yachitsulo, ndipo asisitere anali atagwira kale msomali pakati pa zala, akudikira. Ine si munthu wodziwa kupemphera mokweza. Ndinangowathokoza, iwo n'kubwezera msomaliwo m'thumba.

"Mudzayankha nokha kwa mng'ono wanga," anatero mlamu potuluka, ndipo anatsogola mokwiya, akuyambitsa nyimbo.

Madontho oyamba anatipeza tisanafike pa mtanda wapamwamba. Miyala inayamba kuterera. Ndinayenda pang'ono ndodo ili m'khwapa, kenako ndinaitambasulira kumbuyo, maso ali kunjira. Kwa kanthawi inangolendewera m'dzanja langa, mvula ikuyenderera pa iyo. Kenako inapepuka; mwana wanga anali atailandira.

Go, khwee. Go, khwee.

Kutsogoloko mlamu wanga anasiya nyimbo pakati pa mawu. Sanacheuke. Nanenso sindinacheuke.