Botolo Pansi pa Malata

Alamu anga a Vivian, achemwali ake a mwamuna wanga, anabwera kuchokera ku Kambombo kudzaona mwana wathu Lena. Mwanayo anangomuona pang'ono, maso ali pa zolakwa zanga.

Mwamuna wanga Bornwell amamata mabwato apulasitiki owolokera Luangwa. Ali ndi kabotolo ka mankhwala olimbitsa phula lomatira. Mankhwalawo sagwirizana ndi kutentha. Akafunda amayamba kudzitenthetsa okha, botolo limafufuma, kenako moto umabuka popanda machesi. Nchifukwa chake timawakwirira mu mchenga wonyowa kuseri kwa mtsuko.

Ndinawauza zimenezi a Vivian tsiku lomwe anafika. Ndinawauza ndi pakamwa panga pano.

"Ndiye poizoni mumaika pansi pamene Lena akukwawa?" anatero. "Kwathu choopsa chimapita mmwamba."

"Chimenechi ayi, alamu. Chisiyeni pomwepo."

Anangoti hmm, ija ya munthu amene walera ana ambiri ndipo sauzidwa.

Mmawa mwake Bornwell anapita kumtsinje, ine ndinabereka Lena kupita naye ku sikelo ku boma. Unali Okutobala, dzuwa la ku Chama lija loti nkhuku zimayenda zitayasamula. Mmbuyo muno alamu anafukula botolo, nalikulunga mu nsanza, nalitsomeka pakati pa mtanda ndi malata. Anasankha chipinda chimene Lena salowamo, chimene tinasanjamo chimanga chathu chonse cha chaka chino.

Pobwera masana ndinaona utsi ndili patali. Anansi anali atathira kale madzi, koma denga linali litagwera pa matumba. Chimanga chimene ndinalima ndili ndi pakati, ndikusanza mu mizere, chinali chakuda bii, chikununkha mankhwala. Ngakhale nkhumba sungaipatse.

Ndinatembenukira kwa alamu. A Vivian anali chiimire pa mtengo wa mango, chitenje chili mwaye okhaokha.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Ine ndimateteza mwana," anayankha. "Manje onani, sanamwe."

Sanapepese. Mpaka lero sanapepese.

Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga lichero, ndi kuliika m'manja mwawo. Lena anali atayamba kulira kumsana kwanga.

"Zoona, sanamwe," ndinatero. "Manje lowani mu phulusamo, alamu. Musankhe zimene adye mpaka tidzakolole."