Dzanja Limene Linachonga Kabokosi

Ntchito yanga ndi yolumikiza mavidiyo a maukwati. Wojambula amabwera ndi zimene wajambula, ine ndimadula, kuikamo nyimbo, kuchotsa malo amene amalume a mkwati akutokosa m'mano, kenako kompyuta imaphika zonsezo kukhala vidiyo imodzi. Ndinkagwirira m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yathu, pakati pa makina osokera akufa ndi matumba a zovala zimene zinawathina ana.

Kompyutayo ndinaisankha ndekha, ndipo chimene ndinaikondera ndi purosesa yake, ubongo wa kompyuta. Ili ndi tizigawo tisanu ndi titatu togawana ntchito, moti vidiyo inkapsa ndisanamalize kutsuka mbale. Koma itangobwera kuchokera kwa mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene anaitenga kukaipukuta fumbi kushopu kwake, inasanduka nkhalamba. Kuyamba vidiyo m'mawa, dzuwa kupendeka ikadali pakati. Nditatsegula pamene pamaonetsa mmene purosesa ikugwirira ntchito, pomwe kagawo kalikonse kamakhala ndi kabokosi kake, ndinapeza kabokosi kamodzi kokha, kodzaza mpaka pakhosi. Tinzake tonse tinali titasowa.

Mtima wanga unathamangira kwa mlamu. Manja aluso ali nawo, koma maso ake sakhazikika, ndipo nkhani za okonza amene amazula chitsulo chabwino n'kuikamo chotopa ndinali nditazimva kambiri. Nditawauza amuna anga, anamuikira kumbuyo ndisanamalize n'komwe chiganizo. Anati makompyuta amakalamba ngati anthu, mwina yafika nthawi yoti ndipume ku ntchito yongoitana alendo pakhomoyi. Analankhula mofatsa, uku akusenda lalanje. Chinandivuta n'chakuti anthu awiriwa amakangana ngakhale pa chitsekero cha botolo, ndiye chikondi chadzidzidzichi chinachokera kuti?

Wojambula naye zinamukwana. Kale ankangosiya ntchito n'kumapita, koma tsopano ankakhala pakampando masana onse kudikira vidiyo, akumwa tiyi wathu, foni yake ikungolira ndi akwati olusa. Tsiku lina anandiuza mosapita m'mbali kuti ukwati wotsatira ukachedwanso apereka ntchito kwa wina. Ndinachita mantha, chifukwa wojambula wina ndilibe.

Amuna anga atapita kuntchito, ndinaikulunga kompyutayo m'bulangeti n'kupita nayo kwa mayi wina wokonza makompyuta, amene anthu amangowatcha a Magalasi. Shopu yawo ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kachipinda konunkha waya wopsa. Ndinawafotokozera zonse, ndi dzina la wakuba lomwe. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti tisayambe taweruza mlandu chitsulo chisanalankhule.

Anamasula chivundikiro, kuchotsa fani, kupukuta phala lotuwa lomwe limakhala pamwamba pa purosesa, n'kuwerenga nambala yake ndi galasi lokuza. Inali yomweyo imene ndinagula. Ndinakhumudwa, sindinama. Ndinali nditakonza kale mawu okamulalatira mlamu, ndipo anali mawu abwino.

Kenako anabwezeretsa zonse, n'kulowa m'makonzedwe amene amabwera kompyuta isanadzuke bwinobwino. Kumeneko tizigawo tonse tinali toyatsa. Anabaya fulashi yawo yokhala ndi sisitimu ina, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, kompyuta n'kudzukira pamenepo, ndipo timabokosi tonse tisanu ndi titatu tinatulukira tikuvina. Anati ndiye kuti makina ali bwino, vuto lili mu sisitimu yanga. Anachotsa fulashi, kudzutsa yangayo, n'kutsegula kawindo kena kobisika kamene kamauza sisitimu mmene izidzukira. Pamenepo panali kabokosi kochongedwa, pambali pake nambala wani.

"Mwaona apa? Wina anaiuza kuti izigwiritsa ntchito kagawo kamodzi basi," anatero a Magalasi. "Fumbi silichonga kabokosi, mayi. Apa panadutsa dzanja."

Anachotsa chongacho, kuzimitsa, kuyatsanso, kompyuta yanga n'kubwerera ku utsikana wake. Koma ine mtima sunatsike. Wakuba ndimamumvetsa, amatenga chinthu n'kukagulitsa. Nanga uyu woti sanatenge kanthu, anangoimanga miyendo, ankafuna chiyani?

Ndinamuimbira mlamu ndili pamasitepe. Anayamba kuzungulira, za mavairasi, za magetsi othimathima, za ana okonda kudinadina. Ndinamuuza kuti ndikubwera kushopu kwake kudzamufunsa funso lomweli pamaso pa makasitomala ake, ndipo amadziwa kuti mawu anga safuna chimkuzamawu.

"Alamu, chonde musanene kuti ndanena ndine," anatero motsitsa mawu. "Achimwene anati ndingoichedwetsa, isafe ayi. Akuti wojambula uja wazolowera pakhomo, ndiye ntchito ikamachedwa atopa yekha."

Ndinaseka mpaka munthu wogula mankhwala anasuzumira. Nzeru za amuna anga! Munthu amene ankangofika pakhomo n'kubwerera, iwo anamusandutsa mlendo wa masana onse, womwa tiyi wogula iwo omwe. Koma kusekako sikunachedwe kutha, ndinakhala pansi pasitepe. Masiku onsewo ankandiona ndikupepesa makasitomala pafoni, ndikulira ndi ukali, iwo n'kumandisisita paphewa kuti pepa, zinthu zimatha. Akanandiuza kuti akuchita nsanje tikanakangana, mwina n'kuseka pambuyo pake. Anasankha kuti ntchito yanga ife pang'onopang'ono ine ndikudziona wolephera, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa nsanjeyo.

Kompyutayo sindinabwerere nayo kunyumba. Wojambula ali ndi tebulo lopanda ntchito pakona ya situdiyo yake, ndipo anandiuzapo kalekale kuti ndikhoza kumagwirira pamenepo, ine n'kukana pofuna kulemekeza banja. Tsiku limenelo ndinakaiika patebulopo, ndinasintha pasiwedi, ndipo vidiyo ya ukwati uja inatuluka madzi a tiyi asanawire.

Madzulo amuna anga atabwera, anasuzumira m'kachipinda kaja n'kupeza patebulo pali fumbi lokhalokha. Anabwera kukhitchini nkhope ili yachisoni, koma mawu akulephera kubisa chimwemwe.

"Yafa basi? Pepa mkazi wanga, ndinanena ine."

"Ayi, yachira," ndinatero ndikudula anyezi. "Panali kabokosi kamene wina anachonga. Ndaisiya kusitudiyo kwa wojambula, kumene kulibe manja oyabwa. Kuyambira mawa ndizigwirira komweko, kuchoka m'mawa kubwera madzulo."

Sanafunse kuti anachonga ndani.