Kakolo wa Atelala

Ine ndine wometa. Ntchito yanga ndi ya m'mitu, za mapazi ndazidziwira kuukulu chifukwa cha mayi akunyumba kwanga.

Mayiwa ndi telala, ndipo mumsewu wathu wonse amangodziwika kuti Atelala. Makina awo ndi opondera, akuda aja, olemera moti powasuntha timachita kuitana aneba. Anawasiyira ndi malemu mayi awo. Amagetsi sanawafunepo. Ankati magetsi akathima, mapazi sathima.

Tsiku lina akuchokera kogula nsalu, lole inaduka mabuleki n'kukwera pamalo pamene anthu ankadikirira basi, iwonso ali pomwepo. Mwendo wamanja madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Wamanzere anaupulumutsa, koma kakolo wake anam'manga ndi zitsulo m'kati, moti sapindikanso mpaka lero.

Bala litapola anatitumiza kuchipinda chopangira miyendo, kuseri kwa chipatala. Titangotsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo la guluu. Pansi ponse panali mbuu ndi fumbi la pulasitala. Pakhoma panali miyendo yolendewera, ina ya akulu, ina ya tiana, ndipo pakona panali uvuni wofewetseramo pulasitiki. Mwini chipindacho anali mayi wamfupi, wa ovololo yothimbirira, magalasi ali pamphumi. Anali injiniya, koma odwala ndi manesi omwe ankangoti Mayi Mapazi. Tinawapatsa moni, iwo anayankha maso ali pansapato zanga.

"Bambo inu mumaima tsiku lonse," anatero. "Ndipo mumatsamira kumanzere. Msana sukuvutani?"

"Umandivuta ndithu, mayi. Koma wodwala si ine."

"Ndaona. Ndimangokuuzani."

Akazi anga anaseka, koyamba chichitikire ngozi ija.

Mayi Mapazi anakulunga mwendo wodulidwawo ndi mabandeji a pulasitala, akusisita ndi zala kufufuza pamene pali fupa ndi pamene pali mnofu. Kuchokera pa chikombole chimenecho anapanga chikho cha pulasitiki cholowetsamo mwendo. M'munsi mwa chikhocho anamangamo paipi yopepuka, kenako phazi. Tsiku lokatenga, anatenga phazi lina locheka pakati n'kutionetsa za m'kati mwake.

"Chidendene ndi labala yofewa, kuti mukaponda thupi lisagwedezeke mpaka m'mano. Kamtengo kolimba aka kakuyenda kuchokera pakati mpaka kuzala, ndi kamene kamakukankhirani kutsogolo. Kakafupika mumagwera m'dzenje loti palibe. Kakatalika mumakhala ngati mukukwera chitunda tsiku lonse."

Ankalankhula akulisisita phazilo ngati mwana wamphaka. Kenako anawayendetsa mayi akunyumba pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, iwo atanyonyomala kumapeto, kuyang'ana mmene chiuno chikugwedezekera. Ankawaimitsa, kupotoza bawuti pang'ono chabe, n'kuwauza kuti ayendenso. Posakhalitsa ndodo zimene ankayendera tinaziika kuseri kwa chitseko. Abale anabwera kudzaona, ena anachita kufunsa kuti mwendo wopanga ndi uti.

Vuto linadzaoneka pamakina. Kashopu kawo kali khoma limodzi ndi kanga, ndiye m'mawa umene anabwerera kuntchito ndinasiya kasitomala pampando n'kukaima pakhomo. Anakhala bwinobwino, anaika mapazi onse pachopondera, anazunguza gudumu ndi dzanja. Chopondera chitapendekera kumbuyo, phazi lopanga lija linakana kuchitsatira, linangoti gwa, n'kutsetsereka. Gudumu linabwerera, ulusi unapiringizana pabobini. Anayesanso. Anayesa ndi lamanzere lokha, koma kakolo womangidwa ndi zitsulo uja anakana. Pofika masana mkombero wa chikho unali utawatupitsa kuseri kwa bondo.

Anavundikira makinawo ndi nsalu, n'kuyamba kugulitsa mabatani ndi mazipi pamwamba pake. Makasitomala akabwera ndi nsalu, ankawalozera kwa telala wina wa kutsidya kwa msewu. Kunyumba sankadandaula. Ankangogona msanga.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala, Mayi Mapazi anafunsa ngati pali povuta.

"Palibe, zonse zili bwino. Zikomo kwambiri," anatero akazi anga.

"Akunama," ndinatero ine.

"Bambo, mwayamba liti kundiyankhira?"

"Lero."

Ndinafotokoza zonse. Mayi Mapazi anatsitsa magalasi awo, n'kuwayang'ana mayi akunyumba kumaso.

"Chifukwa chiyani simunanene?"

"Mwandiyendetsa, mayi. Ndingabwerenso kudzati sizinakwane? Manyazi."

"Ine ndinakufunsani kuti mumayenda mtunda wautali bwanji. Sindinafunse kuti mapazi anu amagwiranso ntchito yanji. Mumatsegula Loweruka?"

Loweruka anafikadi, atanyamula chikwama cha masipanala. Anapempha katoni, anaiyala pansi pa makina, n'kugona chagada. Anaitanitsa telala wa kutsidya uja kuti avule nsapato apondere, iwo akujambula mapazi ake ndi foni. Anthu odutsa anayamba kuima. Mayi wogulitsa matimati anafunsa ngati munthuyo wakomoka.

Atadzuka anatiitana tonse kuti tione kanemayo akuyenda pang'onopang'ono.

"Onani kakolo wa munthu. Akukankha, komanso akupindika kutsatira chopondera. Wopanga alibe mnofu, sangakankhe. Ndiye mphamvu muzizitenga m'ntchafu, ngati mukupalasa njinga. Phazi lamanzere muziika kumapeto akutsogolo, lamanja kumapeto akumbuyo, muzipondereza mosinthana. Chimene chikufunika n'chakuti phazi langali lizipendekera limodzi ndi chopondera, lisamachoke. Kakolo wake akhale womasuka."

"Ndiye mungom'masulatu," ndinatero.

"Ndikam'masula, akaimirira agwa. Poyenda amafunika wolimba, posoka womasuka. Kakolo mmodzi, ntchito ziwiri zodana." Anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. "Ndipatseni nthawi."

Anabwera ndi phazi lokhala ndi hinjesi pakakolo, ndi kachitsulo kotsekera m'mbali. Kachitsuloko kakalowa, phazi linkalimba ngati lakale. Kakasololedwa, linkagwedera. Pansi pa phazi anamatapo labala yokhakhala kuti lisaterereke. Mayi akunyumba anakhala pampando, anasolola kachitsulo, n'kuyamba. Poyamba miyendo inkalimbana, gudumu likupita uku likubwerera. Mayi Mapazi anagwada pambali n'kumawagunda pabondo ndi chala: ili, ilo, ili, ilo. Mwadzidzidzi makina anagwira liwiro. Singano inathamanga pachigamba cha nsalu mpaka kumapeto, mzere wowongoka bwino. Akazi anga anadula ulusi ndi mano, anayang'ana msokowo mbali zonse ziwiri, kenako anaphimba nkhope ndi chigambacho. Ine ndinabwerera kushopu kwanga, ndinali ndi kanthu m'diso.

Makasitomala anayambanso kubwera. Koma tsiku lina mphepo inaulutsa diresi ya mwini wake imene inali pawaya panja. Mayi akunyumba anadzambatuka kuti akaitole, osakumbuka kachitsulo kaja. Phazi linapindika, iwo anagwa n'kumenyetsa mlomo pathebulo lodulira nsalu. Anawasoka mlomowo kuchipatala. Tikutuluka tinadzera kwa Mayi Mapazi.

"Musadandaule, ndi ine ndinaiwala," anatero akazi anga, mawu akutuluka mbali imodzi.

"Phazi lanu lakale munkachita kulikumbutsa musanaimirire?"

"Ayi."

"Ndiye ili silinathe. Livuleni."

"Mayi, ndili ndi mayunifomu a sukulu oti ndimalize!"

"Mukhala nalo mpaka mumalize. Koma bambo, mumange chingwe kuchokera pakachitsulo mpaka pampando, chiziwakoka akamadzuka. N'zonyansa, koma sagwanso."

Zitatero Mayi Mapazi anasowa. Nditapita kukatenga masokosi a mwendo, ndinapeza atagula miyendo ya makina osokera akale ndi chopondera chomwe kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ataiika pakati pa chipinda. Pakona panali katoni yodzaza ndi akakolo olephera, ena a mtengo, ena a chitsulo, ena othyoka. Iwo anali atavala jombo yolimba yofika m'bondo, phazi lopanga atalimangirira kunsi kwake, phazi linalo ataliika pathabwa kuti atalike mofanana. Ankakhala pampando, kupondera, kudzambatuka, kukhalanso. Pachigongono panali bandeji.

"Mwagwa, mayi?"

"Kangapo. Bola ine, ndili pafupi ndi chipatala."

Anavula phazilo n'kundionetsa. M'kati mwa kakolo munali timbale tiwiri tachitsulo ta mano, kena pamwamba kena pansi, toyang'anizana. Pakati pake panali sipuling'i yotilekanitsa.

"Munthu akakhala pansi, phazi limangosenza mwendo wokha. Sipuling'i ikwanitsa kuukana, mano sakumana, kakolo ndi womasuka. Akangoimirira, thupi lonse litsikira pamenepa, sipuling'i igonja, mano alumana. Palibe choti akumbukire. Thupi lawo ndi limene likutseka."

"Nanga akanyamula phazi poyenda, silimasukanso?"

Anandiyang'ana ngati andiona koyamba. "Funso limenelo landidyera masabata. Onani kalabala aka. Kamachedwetsa sipuling'i pobwerera. Poyenda, phazi limakhala m'mwamba kanthawi kochepa, mano asanasiyane mwapondanso. Mukakhala pansi n'kupuma kamodzi, basi amasuka."

Analisindikiza pathebulo ndi manja onse. Linalira kuti kha. Analisiya, ndipo patapita kamphindi linagwedera lokha. Ndinawapempha kuti abwerezenso, ngati mwana.

Tsiku lolivala, mayi akunyumba anakhala, anasoka, anaimirira: kha. Anayenda mpaka pakhomo, anabwerera, anakhala, anasokanso. Kenako anayesa kulipusitsa. Ananamizira kuti akukhala n'kudzambatuka. Linawagwira. Koma atabweretsa jinzi yoti apinde miyendo, pamsoko wokhuthala paja anapondereza mwamphamvu, mano analumana ali chikhalire, makina anaima.

"Ee, mwendo wanu ndi wamphamvu kuposa wanga," anatero Mayi Mapazi, akutulutsa kale kabokosi ka masipuling'i. Anasintha, anayesa, anasinthanso, mpaka anapeza yokana jinzi koma yogonjera thupi. "Koma musaonde. Mukaonda kwambiri silitseka."

"Mwamva bambo? Adokotala akuti ndizidya nyama."

"Sananene choncho."

"Ndanena choncho," anatero Mayi Mapazi, osadzutsa mutu.

Kuchokera pamenepo akhala akupanga akakolo otere a anthu ena. Wina ndi bambo wonola mipeni pa gudumu lopondera, wina ndi mtsikana woumba mbiya. Aliyense amam'pangira sipuling'i yakeyake, ndipo amayamba apita kaye kukaona kumene munthuyo amagwira ntchito. Ojambula za m'nyuzipepala atabwera, akuti anawauza kuti ajambule phazi, iwo alibe nthawi yopesa.

Mwezi wathawu anatulukira kushopu kwanga, anakhala pampando n'kunena kuti ndichotse tsitsi lonse, likuwasunga fumbi la pulasitala. Ndinawafunditsa nsalu n'kuyamba. Kuseri kwa khoma akazi anga anali pakati pa makatani a hotela ina. Nditameta mbali imodzi, Mayi Mapazi anakweza dzanja.

"Tathimitsani kaye."

Ndinathimitsa makina ometera. Anapendeketsa mutu.

"Mukumva?"

"Ndikumva akusoka."

"Ayi, pansi pake. Kakulira kuti tswii." Anakuwa moyang'ana khoma: "Atelala! Mwathira chiyani m'kakolo wanga?"

Makina anaima.

"Timafuta ta makina, mayi. Kadontho kamodzi kokha."

"Ndinati chiyani za mafuta ndi labala?"

"Munati amadya labala."

Mayi Mapazi anadzuka, nsalu yometera ikadali m'khosi, mutu mbali imodzi uli mbee, inayo tsitsi lili njoo. Anasolola sipanala m'thumba la ovololo n'kutuluka. Anyamata amene ankadikira pabenchi anadziletsa mpaka mayiwo atakhota pakhomo, kenako anaphulika.

"Bwana, tilowepo ife?" anafunsa mmodzi.

"Lowapo," ndinatero. "Amenewo akakhala pansi pa makina sabwera msanga."