Mzere Umene Elliam Anausiya

"Muvuleni diresiyo, sapita kuchipatala," anatero Elliam ataima pakhomo.

Martina, mkazi wake, anatembenuka, chipeso chili m'manja. Sabina, mwana wawo wa zaka zinayi, anali atasamba kale. Njoka zam'mimba zinali zitamumaliza magazi mpaka zikhatho kuyera.

"Abale inu, bambo a Sabina! Pepala la mankhwalawa munalimasulira ndinu. Ana a anzathu anayamba kumwa Lolemba. Wathu yekha walakwa chiyani?"

Elliam anali kalaliki pa kachipatala ka mishoni ka kwa Kawinga. Chaka chimenecho, 1938, dokotala wachizungu analandira mabotolo a mankhwala atsopano a njoka, pamodzi ndi pepala la kafukufuku wake lolembedwa m'Chisipanishi. Poti Elliam anabadwira kwa Apwitikizi ndipo Chipwitikizi anachiyambako kusukulu ali mwana, dokotala anangomuponyera pepalalo. "Zinenerozi n'zapachibale. Undilembere m'Chingerezi."

Mawu aatali anayenda bwino ndithu, ena pongoganizira. Mavuto anali patebulo la manambala, pamene eni ake anadula mawu ngati akuuma nayo inki. Mzere wa odwala anaupeza, wa ochira anaupezanso. Koma mzere wotsiriza unali ndi zilembo zitatu zokha pamutu pake, "def.", ndipo manambala ake ankakula pamene pankanena za ana aang'ono. Mtima unamuuza kanthu koipa, iye anaukana.

Kufunsa? Iyayi. Kusukulu ya mishoni ankakwapulidwa chifukwa cha pepala lamipata kapena lofufutafufuta, ndipo kalaliki wonena kuti "sindikudziwa" pamaso pa mzungu sankakhalitsa pampando. Tsono Elliam anatenga rula, najambula tebulo latsopano loyera bwino, mzere uja nausiya kunja. Dokotala anayamika dzanja lake.

Zonsezi anamuuza Martina m'mawa umenewo, maso ali pansi.

Martina anaika chipeso pansi. "Ndiye mwati wanu asamwe, koma wa aneba athu a Japhet amwe? Anastasia wawo uja ndinamuperekeza ndine, ndikuwauza amake kuti asaope, bambo a kwathu anawerenga zonse. Mwandipakitsa chiyani m'manja, inu?"

Elliam anatenga pepala la Chisipanishi lija m'bokosi, nathamanga.

Anapeza amayi atandanda pakhonde la chipatala, ana ali kumsana, dokotala akuyeza mankhwala m'kasupuni. Elliam akanatha kubwerera, palibe akanadziwa. Koma mwana amene anali kutsogolo anali msinkhu wa Sabina, ndipo anali atayasama kale.

"Bwana, taimani! Pali mzere umene sindinaulembe."

Dokotala analandira pepalalo mokwiya, nalondola ndi chala. Chalacho chinaima. Nkhope inayera ngati ufa.

"Awa ndi akufa," anatero motsitsa. "Mwa ana makumi anayi osafika zaka zisanu, anafa asanu ndi awiri. Unandibisiranji?"

"Sindinkadziwa tanthauzo lake, bwana."

"Bwanji osafunsa?"

Nayenso dokotalayo pepala lenilenilo anali asanalitsegulepo n'komwe, koma zimenezo akanamuuza ndani?

Dokotala anatseka mabotolo, amayi aja anabalalika akung'ung'udza. Ana aang'ono amene anali atamwa kale analipo khumi ndi mmodzi. Dokotala anamupatsa Elliam njinga yamishoni kuti akawasonkhanitse onse dzuwa lisanapendeke. "Ukabwerako usiye makiyi patebulo. Ntchito yako yatha."

Za ntchitozo sizinamupweteke n'komwe. Anapalasa ngati wamisala, nayambira kwa Japhet, mlimi woyandikana naye nyumba amene ankaimba naye kwaya kutchalitchi. Anapeza Anastasia atagonekedwa pamphasa pansi pa mtengo wa mango, maso ali chikasu, milomo itauma. Amake ankamupukuta masanzi ndi nsonga ya chitenje.

Japhet anadzuka, nam'landira njinga ndi manja awiri. "Mwachita bwino kubwera, achimwene. Wakhala akusanza kuyambira dzulo, koma ine ndawauza amakewa kuti ndi njokazo zikufa. Inu amene munawerenga pepala, si choncho?"

"Tiyeni naye kuchipatala. Tsopano lino."

Elliam ananyamula Anastasia. Mwanayo anali wopepuka, khosi lili lendelende. Akumumangirira kumsana kwa amake, Japhet anafunsa mwaulemu wake wa masiku onse, pofuna kudzilimbitsa mtima:

"Nanga Sabina wanu anasanza masiku angati asanapeze bwino?"

Elliam anagwiritsa chiwongolero cha njinga.

"Sanamwe," anatero.

Japhet anachotsa manja a Elliam panjingapo, chala chimodzichimodzi, nakweza mkazi wake ndi mwana, napalasa yekha osacheuka.